Uchi wa a Msiska Wakoma

Kodi nanunso munalandira kanema uja wa mayi wa duku loyera, ataima pakati pa ming'oma ya njuchi nkhungu ikumudutsa m'miyendo, akunena mosekerera kuti uchi wa a Msiska wakoma? Ngati munamulandira, mwina munali pa depoti ku Mzuzu kapena pa ntchito ku Joni, ndipo munapukusa mutu n'kumutumiza kwa ena. Mayi ameneyo ali ndi dzina, ali ndi kwawo, ndipo mawu ake anali ndi chiyambi ndi mapeto zimene inu simunazione. Ine ndine wa ku Nchenachena, ku Rumphi, kumene mayiyu amakhala, uchi umenewo ndakula ndikuunyambita, choncho ndiloleni ndikuuzeni mbiri yake.

Dzina lawo ndi Magdalene. Anabadwira ku Ntcheu ndipo mfunda wawo ndi Nangozo, koma atangofika kuno anthu anauwongola mfundawo kuti ukhale bwino pakamwa pawo, nawatcha NyaNgozo. Anabwera ndi amuna awo, malemu a Donald Msiska, kalipentala amene anakumana naye akugwira ntchito ku Balaka. A NyaNgozo amakonda kukamba za tsiku loyamba limene anawaphikira. Anaika mbale, nadikira pang'ono, kenako anafunsa mwaulemu kuti, "Kodi ndiwo zakoma?" A Donald anasiya kudya, natong'ola maso ngati munthu amene wamva uthenga wa maliro, nafunsa m'Chitumbuka kuti, "Zakoma njani?" Ndiye kuti, zapha yani? Pakuti m'Chitumbuka kukoma ndi kupha, ndipo chakudya chabwino pakamwa timati chanowa. Nthabwala imeneyi ndi yakale, palibe mwana wa ku Rumphi amene saidziwa, koma kwa namwali wa ku Ntcheu inali yatsopano, ndipo akuti anaseka mpaka kutuluka panja.

Atakhazikika kuno, a Donald anasiya mipando ndi zitseko nayamba kukhoma ming'oma ya matabwa. Anaipachika m'nkhalango ya m'mbali mwa phiri, kumene mphepo yochokera ku Nyika imafika ikununkhira maluwa osadziwika mayina. Kunja konse kunali Chitumbuka, ku tchalitchi, ku chigayo, ku dambo, koma m'nyumba mwawo a Donald ankalankhula Chichewa, ngati munthu amene wasungira mkazi wake kachipinda kamodzi ka kwawo. Motero a NyaNgozo Chitumbuka amachimva chonse, koma chikafika pa lilime chimalemera. Iwo amati kugula ndi kupepesa amatha m'Chitumbuka, koma kulota amalota m'Chichewa.

A Donald atamwalira, mayiwa anatsala pa malo amene sanali awo. Kwathu kuno mkazi amakhala kwa mwamuna, ndipo munda, mitengo ndi ming'oma zimakhala za banja la mwamunayo. Mwana wawo yekhayo, wamkazi, anakwatiwa ku Karonga. A NyaNgozo anatsala chifukwa mng'ono wa malemu, a Hezron Msiska, analola. A Hezron si munthu wouma mtima. Ankathandiza kufula uchi, ankakonza denga mvula isanayambe, ndipo pa mabotolo panalembedwa dzina la banja lonse. Komabe kukhala kolola wina ndi kukhala kumene kungathe tsiku lililonse, ndipo a NyaNgozo ankadziwa zimenezi ngakhale sankazitchula.

Kenako kunabwera Mphala. Linali tsamba la mchezo latsopano la pa foni, limene ankati analipanga achinyamata a ku Mzuzu, ndipo ubwino wake unali woti munthu sankafunika kulemba. Unkangolankhula kapena kujambula, ena n'kumva. Mwana wawo uja anawatumizira foni n'kuwaphunzitsa podina. Pamwamba pa ming'oma pali thanthwe limene netiweki imafikapo, ndipo m'mawa uliwonse, nkhungu itadzaza chigwa cha Henga mpaka mapiri kumaoneka ngati akuyandama, a NyaNgozo ankakwera pamenepo n'kuyamba kulankhula. Sankatsatsa malonda. Ankanena za maluwa amene atuluka, za njuchi zimene zasamuka, ndipo kawirikawiri ankanena maloto awo.

"Lero ndalota a Donald akuyenda m'nkhalango atanyamula chitseko pamutu," anatero tsiku lina. "Ndawafunsa kuti, chitseko chimenechi mukachiika pati, poti kuno kulibe khoma? Iwo akuti, njuchi nazonso zimafuna pogogoda. Ndadzuka ndisanawayankhe. Mwadzuka bwanji uko, inu muli kutali?"

Amene anali kutali anayamba kuyankha. Aphunzitsi a ku Nsanje, alonda a ku Joni, anamwino a ku Lilongwe, onse obadwira m'mapiri ano, ankatsekula Mphala kuti aone nkhungu ya kwawo ndi kumva njuchi zikulira kumbuyo kwa mawu a mlendo amene anakhala wathu. Ambiri mwa iwo ndi Atumbuka enieni, koma palibe anadandaulapo za Chichewa chake. Uchi anayamba kuitanitsa okha, ndipo mabotolo ankatsika ndi galimoto zopita ku Rumphi boma, okutidwa ndi masamba a nthochi kuti asasweke pa msewu wathu wa mabampu.

Chaka cha chisankho kunabweranso tsamba lina, dzina lake Likhweru. Linabwera ndi mphamvu: zikwangwani ku Bolero, malaya aulere, ndi lonjezo loti miyezi yoyamba munthu aonera popanda bandulo. Makanema ake anali aafupi kwambiri, ndipo amene kanema wake waoneredwa ndi anthu ambiri ankalandira mayunitsi. Posakhalitsa masamba awiriwa anavekedwa nsalu za zipani. A Hezron anali ataimira ukhansala, ndipo anthu awo ankati Likhweru ndi la amalonda ogwirizana ndi chipani cha mnzawo wopikisana naye, a Stanley Kumwenda. Anthu a Stanley nawo ankati Mphala imadyetsedwa ndi chipani cha a Hezron. Umboni sindinauonepo mbali iliyonse, koma zinafika poti munthu akatulutsa foni pa sitolo, anzake ankasuzumira kuti aone tsamba limene watsekula, n'kudziwiratu kumene voti yake ikupita. A NyaNgozo anatsala pa Mphala chifukwa ndi pamene anaphunzira podina.

M'mudzi mwathu munali mkulu wina wa mpingo, a Laws Luhanga, mphunzitsi wopuma amene anaphunzitsapo a Donald. Analinso malume a Stanley Kumwenda, kapena tinene kuti asibweni awo, monga timanenera kuno. Kwa nthawi yaitali ankadwala matenda a kummero, moti chakudya chinkakana kutsika, ndipo chimene chinkadutsa chinali madzi ofunda osungunuliramo uchi. A NyaNgozo ankawatumizira botolo likatha lina. Tsiku lina mkuluyo anadzuka ali ndi timphamvu, napempha mwana wake Lena, mphunzitsi wa pa sukulu ya mishoni, kuti amuperekeze akaone kumene mankhwala ake amachokera. Anakwera pang'onopang'ono, akupuma pa mtengo uliwonse. Atafika, a NyaNgozo anawakhazika pa chitsa, nawapatsa supuni ya uchi wongofulidwa kumene, natsekula foni.

"Taonani alendo anga lero," anatero. "Uchi wa a Msiska wakoma. Wakoma ndithu, a Luhanga, si choncho?"

Mkuluyo ananyambita supuni, natseka maso kwa kanthawi, kenako anaseka ndi mawu ake osasa. "Wanowa, mwana wane, wanowa! Kukoma yayi. Taona, nichali wamoyo!" Anali kunena kuti uchiwo ndi wabwino, koma kupha ayi, popeza iye akadali moyo. Lena anaseka, a NyaNgozo anaseka, ndipo amene anaonera pa Mphala tsiku limenelo anaseka nawo.

Sabata isanathe, a Luhanga anamwalira.

Thupi lisanatuluke ndi m'chipatala momwe, kanema uja anaonekera pa Likhweru atadulidwa. Munthu amene anamudula sanadziwike mpaka lero. Anachotsa moni, anachotsa funso la kumapeto, anachotsa kuseka konse kwa mkuluyo. Chinatsala ndi nkhope yowonda ya wodwala akunyambita supuni, ndi mawu a mayi wosekerera: "Uchi wa a Msiska wakoma. Wakoma ndithu a Luhanga." Pansi pake panalembedwa m'Chitumbuka kuti mlamu wa a Hezron waulula yekha chimene chapha malume a Stanley.

Pano ndiyenera kuima pang'ono, chifukwa ndatsutsana ndi anzanga ambiri pa nkhani imeneyi. Iwo amati chinachitika ndi kusamvana kwa zilankhulo, ngozi chabe. Ine ndikukana. Munthu wa ku Rumphi amene amamvera wailesi m'Chichewa, amene anaphunzira Chichewa ku sukulu, amene amagula chipisi kwa mnyamata wa ku Dedza n'kumuuza yekha kuti chakoma, sangandiuze kuti sanamve. Tinamva tonse. Ena anatumiza chifukwa zinkathandiza chipani chawo, ena chifukwa ankafuna mayunitsi, ndipo ambiri anatumiza akuseka, poganiza kuti nthabwala yakale yangovala malaya atsopano. Koma kanema sayenda ndi kuseka kwa amene wamutumiza. Akafika kwa munthu wachitatu amafika yekha, ndipo kumeneko wina amayamba kunena kuti mwina ndi zoona, poti ndale zimapha. Pa msika wa ku Bolero wogulitsa tomato akanama, mawa umamupeza pomwepo n'kumufunsa. Pa misika yatsopanoyi chogulitsidwa ndi maso athu, ndipo mwini msika alibe nazo ntchito kuti maso amenewo akuyang'ana choona kapena chodulidwa, bola asachoke kupita kwa mnzake.

Maoda a uchi anaima tsiku lomwelo. Mabotolo amene anali atatsika kale anabwezedwa. A NyaNgozo atakwera pa thanthwe m'mawa mwake, anapeza foni yodzaza mawu a anthu osawadziwa, ndipo ena ankawauza kuti abwerere kwawo ndi ufiti wawo. Anatsika osajambula kanthu.

Masana a Hezron anafika ndi nsalu ya chipani pa phewa. Anakana mpando.

"Mulamu, mwandipha," anatero. "Zaka zonsezi muli kuno, liwu limodzi lokha, wanowa, linakukanikani?"

"Alamu, ndimalankhula monga ndimalankhulira masiku onse. Mesa inunso munaseka tsiku lija?"

"Kuseka kunali dzana. Lero anthu akundithawa pa msewu." Anatambasula nsalu ija. "Anthu a Mphala andiimbira. Akuti akuikani patsogolo kuti aliyense wotsekula foni ayambe waona inu. Muvale iyi, munene m'Chitumbuka kuti Stanley ndi Likhweru lake ndi amene adula kanema. Mawu tikuphunzitsani. Anthu achoke kumeneko abwere kwathu."

"Kodi a Stanley munawaona akudula?"

"Nanga angakhale ndani?"

"Ine sindinawaone. Ndipo panopa ali pa maliro a malume awo. Ndikaime pa thanthwe ndikutukwana anamfedwa, mtembo uli m'nyumba?"

A Hezron anapinda nsalu yawo mwaukali. "Ndiye mvetsani, mulamu. Ine ndakusungani bwino, palibe angatsutse. Koma banja lakhala pansi. Mukakana, mupite kaye ku Ntcheu mpaka zinthu zizizire, ming'oma tiona ife. Ndipo ku maliro kuja musayerekeze kupondako. Angakugendeni."

Aliyense amadziwa kuti wamasiye akauzidwa kuti apite kaye, sabwereranso. A NyaNgozo anandiuza kuti a Hezron atachoka, anakhala pakhonde akuyang'ana phiri, ndipo anayesa kukumbukira Ntcheu. Anapeza kuti akukumbukira njira ya ku chitsime ndi mtengo wa mango wa pa sukulu, koma nkhope za amene angawalandire sizinkabwera. Makolo anapita kale, ndipo minda anagawana ena.

M'mawa wa tsiku loika maliro a NyaNgozo anamanga mtolo wa nkhuni, nausenza, natsika njira ya kwa a Luhanga. Nkhungu inali isanachoke, moti nyimbo za amayi a mvano zinkamveka ngati zikuchokera pansi pa nthaka, ndipo anthu ankatulukira m'njira mmodzimmodzi ngati akubadwa mu utsi. Amene anawazindikira anapatuka. Atafika pabwalo, mafoni angapo anakwezedwa m'mwamba. Iwo anatula nkhuni kumene amayi ankaphikira, nagwada pakhomo la nyumba ya siwa.

"Pepani chomene," anatero m'Chitumbuka chawo cholemera chija. "Pepani, ŵamama."

Kenako Lena, amene anakhala pafupi ndi bokosi la bambo ake, anadzutsa mutu.

"A NyaNgozo, mwabwera nokha?"

"Ndabwera ndekha, mwanawe."

"Akuti munapha adada."

"Ndamva choncho."

"Ndiye mwachedwa," anatero Lena, akupukuta maso ndi nsonga ya chitenje. "Adokotala anatiuza chaka chatha kuti matendawa sadzachoka. Inu mwangopha munthu amene anali atatsanzika kale." Mayi wina pakona anatsamwa ndi kuseka, nadzigwira pakamwa. Lena anasendera. "Lowani, khalani apa. Botolo lanu lomaliza analibisa kunsi kwa pilo, kuopa adzukulu."

Pa maliro a kwathu pamakhala nthawi imene wa banja amaimirira kufotokoza mmene matenda anayendera, kuti anthu abalalike opanda mafunso. Kawirikawiri amalankhula ndi mwamuna wamkulu. Tsiku limenelo, mkulu wa banja atamaliza, Lena anapempha kuti awonjezere pang'ono. Anatchula dzina la matendawo, khansa ya kummero, natchula zipatala zimene anapitako. Kenako anati:

"Pa miyezi yomalizayi adada ankakhalira uchi wa mayi awa. Ine ndinalipo tsiku la kanema uja, ndipo ndine ndinagwira ndodo yawo. M'Chitumbuka, uchi ukanowa. M'Chichewa, uchi unakoma. Adada anaphunzitsa zilankhulo zonse ziwiri kwa theka la anthu muli pano, ndipo sindikukumbuka kuti munalephera nonse. Nkhope ya adada si nsalu ya chipani. Asibweni ako, Stanley, sanakutume. Inunso a Msiska, sanakutumeni."

A Stanley anaweramitsa mutu. A Hezron, amene anaima kumbuyo pafupi ndi mitengo ya bulugamu, anavala chipewa chimene anali atavula kale n'kuchivulanso, posadziwa chochita ndi manja awo. Pochokera ku manda, a Hezron anawapeza a NyaNgozo m'njira, nayenda nawo kamtunda.

"Mulamu," anatero pomaliza, "mng'oma wa kumtunda uja wadzaza. Loweruka tikafule."

"Nanga za ku Ntcheu, alamu?"

"Ku Ntcheu kuli njuchi zanji? Khalani. Koma foniyo muyambe mwaipumitsa mpaka tivote."

"Yewo," anathokoza a NyaNgozo m'Chitumbuka.

Motero anatsala. Akukhala m'nyumba ija monga kale, ming'oma akuisamala, ndipo chisankho chinadutsa, mpando n'kupita kwa munthu wachitatu amene sankatchulidwa n'komwe. Mawu a Lena anajambulidwa ndi anthu angapo, koma sanayende. Pa Likhweru anali aatali kwambiri, ndipo munalibe chokwiyitsa munthu. Pa Mphala ena anadula pamene Lena akudzudzula a Stanley n'kusiya pamene akudzudzula a Hezron. Masamba awiriwa akulimbiranabe anthu, ndipo ndamva kuti kukubwera lachitatu.

A NyaNgozo anayambiranso kukwera pa thanthwe, koma masiku ambiri foni imakhala m'thumba. Amati maloto akubwerabe, ndipo amawanena kwa njuchi, poti mlimi wa njuchi ayenera kulankhula kuti zizolowere mawu ake. Anthu a m'mudzi muno akugula uchi monga kale, koma ndife ochepa. Amene ali kutali, amene ankadzuka ndi nkhungu ya pa Mphala, ambiri sanabwerere, chifukwa chomaliza chimene anaona ndi kanema wodulidwa uja. M'chipinda chimene a Donald ankasungiramo matabwa muli zidebe za uchi wa chaka chino, ndipo dzuwa likalowa pa zenera, chipinda chonse chimaoneka ngati chamizidwa m'madzi achikasu.

Ngati kanema ameneyo akadali m'foni mwanu, mufufuteni lero. Kenako muimbireni munthu amene anakutumizirani, ndi amene inu munamutumizira, muwauze kuti a Luhanga anamwalira ndi khansa, ndipo kuti mayi uja ankalankhula Chichewa.